Mkaka wa M'chipinda Chotsukira

Jeppe, Johannesburg
12 Malichi, 1972

Wokondedwa NyaSoko,

Choyamba ndimve za moyo wanu, inu ndi ana athu, Towera ndi Jones. Chifuwa cha Jones chija chinatha? Ine kuno ndili bwino, ndipo mlongo wanu Enos wafika wamoyo, ndi miyendo yake yonse iwiri. Ndinamupeza pa siteshoni atakumbatira sutikesi ngati mwana wakhanda, akuopa ngakhale kuyang'ana kumwamba. Ndinaseka chomene. Ndinati, “Alamu, nyumba zimenezi sizigwa, yendani.” Mupite kwa adada anu mukawauze kuti agone tulo. Ndinawalonjeza kuti mwana wawo ndidzamubweza monga ndinamutengera, ndipo Hara salonjeza kawiri.

Ntchito ndamupezera komwe ndikugwira ine. Mumandifunsa nthawi zonse kuti timapanga chiyani, ine n'kumangoti timadinda nsalu. Mvetserani tsono. Pali chimango cha matabwa chokutidwa ndi nsalu yopyapyala ngati sefa ya ufa, ndipo ife timangoti sefa. Timayala malaya pathebulo, kuika sefa pamwamba, kuthira inki, kenako kukoka ndi chokhulira, thabwa lolemera lokhala ndi mpira kunsi. Ukanyamula sefa, maluwa kapena malemba atsala pa malaya. Wokoka ndine, ndipo m'nyumba monse muno mulibe dzanja loposa langa. Musaseke.

Sefa ikada imapita kuchipinda chotsukira, kuseri. Inki imeneyi siimva madzi ndi sopo. Imachoka ndi mankhwala otchedwa thinala, ooneka ngati madzi a pachitsime koma onunkha kuposa dipi ya ng'ombe. Kumeneko kunali mkulu wina wa Chisutu, ndipo akuti anapita kwawo mwezi watha. Malowo anthu ambiri ankawafuna, popeza wa kotsukira amalandira randi yowonjezera pa sabata, komanso botolo la mkaka tsiku lililonse, laulere. Bwana amati mkaka umatsuka mankhwalawo m'chifuwa. Ife a ku Mzimba za mkaka sitichita kuuzidwa, tinakulira chambiko. Ndinapita kwa kapitawo ndi botolo la bulande, basi malo ndi a Enos. Mzulu wina amene ankawafunanso anandidikirira pageti, koma ataona ndodo yanga anakumbukira kuti ali ndi ulendo.

Ndiye Marjory, mtsikana wa Enos uja, muuzeni asiye kulira. Ku Luwawa kodulira mapaini kuja mlamu wanga akanakalamba asanapeze ndi mchira womwe wa ng'ombe. Kuno chaka chimodzi chokha, malowolo akwana.

Ndalama ndatumiza pa positi ya ku Boma. Mugule khadi la chipani musanapite kumsika, anyamata aja angakubwezeni pageti. Ng'ombe zisaphonye dipi.

Ndine mwamuna wanu,
Stafford Hara

30 Epulo, 1972

Wokondedwa NyaSoko,

Kalata yanu ndalandira, yewo chomene. Ndakondwa kuti nonse muli bwino ndi kuti fodya wauma bwino m'chigafa. Koma nkhani yoti Jones akubusa ng'ombe m'malo mopita kusukulu sindinakondwe nayo. Muuzeni kuti lamba wanga ndi wautali, amafika ku Mzimba.

Ife tili bwino. Enos wanenepa masaya. Mkaka wake samwa wonse, theka amasunga m'chigubu mpaka ugone, ndipo Lamlungu timadyera limodzi chambiko ngati tili kwathu. Anzathu a ku hositela kumene timagona amangomeza malovu. Ntchito waidziwa msanga. Amanyika chisanza m'beseni la thinala n'kumapukuta masefa, manja ali momwemo tsiku lonse. Zala zake zayera ndi kung'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe, koma tonse ndi mmene tilili, chifukwa nthawi ya chakudya timasamba m'manja ndi thinala yemweyo. Inki imachoka kamodzi n'kamodzi.

Chodabwitsa n'chakuti mlongo wanu wosayankhula uja wasanduka woimba. Masana onse timamumva kuseriko akuimba nyimbo za ingoma n'kumaseka yekha. Madzulo amati mutu ukuwawa, m'mawa akangolowa m'chipinda chake mutu wasiya. Ndimamuseka kuti wapeza mowa wosagula.

Sabata yatha kunachitika kanthu. Chipindacho chili ndi zenera limodzi laling'ono, ndipo Enos analitsegula kuti apumeko. Mphepo inalowetsa fumbi, fumbi linakakamira pa masefa onyowa, malaya a sukulu ina anatuluka ndi timadontho. Kapitawo wathu timamutcha Chikoti, chifukwa amayenda ndi paipi ya mpira m'manja. Anamukokera Enos pakati pa tonse n'kumukwapula kumsana mpaka malaya anang'ambika. Ine magazi anawira, chokhulira ndinachigwira mpaka zala zinachita dzanzi. Koma ndinakumbukira pasi yanga yokhalira kuno, kuti wosaina ndi bwana, ndipo ndinayang'ana pansi. Manyazi ake sanandichokebe. Zenera lija Chikoti walikhomera misomali.

Izi musawauze adada. Mikwingwirima yapola, ndinamupaka mafuta. Nsalu imene munafuna ndaiona, ndidzatumiza akapezeka munthu wobwera.

Wanu,
Stafford

18 Juni, 1972

NyaSoko wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine thupi lili bwino, koma tulo ndilibe. Kuno kwazizira kuposa ku Chikangawa, madzi amaundana m'mpope.

Mukumukumbukira Lyson Tembo wa ku Embangweni, amene anakubweretserani bulangete chaka chatha? Wapsa. Tinali titasamba m'manja monga mwa masiku onse, koma iye anathira thinala wambiri mpaka mikono ya jekete inanyowa. Kenako anapita kukaotha pa mbaula imene timaika pakhomo la kuseri. Makala sanawakhudze n'komwe, NyaSoko. Moto unachita kulumpha wokha kumutsata. Anathamanga pabwalo manja ali m'mwamba akuyaka ngati miuni ya udzu, akuitana amake. Wina anamukhuthulira ndowa poganiza kuti muli madzi, koma munali zisanza zotsukira, ndipo moto unakwera mpaka kumutu. Ine ndinamugwetsa n'kumukulunga ndi chiguduli. Pomuvula jekete khungu linatsatira. Chifukwa cha fungo lija, mpaka lero nyama sindikudya.

Ali kuchipatala. Akuti akhala moyo, koma zala zimenezo sizidzagwiranso khasu. Bwana anabwera, anakankha mbaula ndi phazi, nati wopezeka ndi machesi ntchito yatha. Chikoti anatifoletsa pamzere n'kutisecha m'matumba, ndipo aliyense wopezeka ndi fodya analandira paipi kumsana. Koma migolo ya thinala ili pomwepo yosavundikira, zisanza nazo zikadali mulu pakona.

Chimene chikundisowetsa tulo si Lyson yekha. Pamene munthu ankapsa, Enos anaima pakhomo la chipinda chake, chisanza m'manja, akuseka. Kuseka kwenikweni, mpaka misozi. Ndinamumenya khofi pamaso pa anthu, ine mlamu wake. Anandiyang'ana ngati sakundidziwa, anabwerera mkati n'kutseka chitseko.

Chimanga mukamaliza kukolola musagulitse ngakhale dengu limodzi, chaka sichidziwika. Zina ndidzakuuzani pamaso.

Stafford

23 Julaye, 1972

Wokondedwa NyaSoko,

Moni kwa inu ndi ana. Ndakondwa kuti Towera wakhoza mayeso, nzeru zimenezo watengera kwa bambo wake. Zina zonse mwalemba ndamva. Mukufunsa chifukwa chake Enos analembera Marjory kalata yotukwana, yomunena kuti akuyenda ndi madalaivala a malole a matabwa. Mukufunsanso ngati wayamba mowa. Mowa samwa. Bola akanamwa mowa, ndikanadziwa pogwira.

Sindibisanso. Mlongo wanu wasintha. Ku hositela anagulula munthu mano chifukwa cha supuni. Lamlungu, tsiku losapita kuntchito, amanjenjemera ndi kutuluka thukuta ngati wa malungo. Ndinapeza kachitini pansi pa pilo wake, mkati muli kasanza konyikidwa m'thinala, koti azinunkhiza. Nditakataya m'chimbudzi anandilumphira pakhosi. Tinagubuduzana pansi, pulaimasi yophikira inagwa, ndipo anandiluma padzanja mpaka mano anakumana. Ndinamumenya, NyaSoko, sindinama. Ndinamumenya mpaka anagona chete, kenako ndinakhala pambali pake n'kumalira.

Ife a kwathu tinakhala pansi kuti tiunike. Onse anati izi ndi za anthu, ndipo aliyense anatchula Mzulu uja amene ankafuna malo a kotsukira. Ndinamudikirira kuseri kwa siteshoni ndi anzanga awiri. Analumbira pa ana ake kuti sadziwa kanthu, anati ife Angoni ndi abale ake, makolo athu anachokera kwawo. Koma makutu tinali titawasiya ku hositela. Tinamusiya m'ngalande, ndipo kuntchito sanabwerenso. Enos sanasinthe ngakhale pang'ono. Tsopano ndikamadutsa pa ngalande ija ndimayang'ana kumbali.

Ndaganiza kuti mwina mkaka wa bwana ukuchepa mphamvu, popeza theka ankasunga. Chambiko ndaletsa. Ndikumugulira botolo lina la m'mawa ndi lina la madzulo, ndipo ndimaima pomwepo mpaka amalize. N'chifukwa chake mwezi uno ndatumiza zochepa. Malata a nyumba adikire.

Marjory mumupepese m'malo mwathu. Muuzeni kuti wolemba kalata ija si Enos amene iye amamudziwa.

Mwamuna wanu,
Stafford

20 Ogasiti, 1972

NyaSoko,

Ndiyembekeza muli bwino. Ine ndakwiya lero, ndiye mukaona malemba akukwera ndi kutsika musadabwe.

Lachisanu la sabata yatha nyimbo kuseri kuja zinaleka. Nditatsegula chitseko fungo linandibweza m'mbuyo, ndipo Enos anali chafufumimba pansi, nkhope pafupi ndi beseni, thovu kukamwa. Ndinamukokera panja ndi miyendo. Chikoti anati ndimuthire madzi abwerere, masefa akudikira. Ndinabereka mlamu wanga kumsana mpaka kukiliniki.

Namwino wa kumeneko, mayi wachikulire, anangomununkhiza malaya n'kufunsa ngati ndi wa kodinda nsalu kapena wa kopenta magalimoto. Ine ndinamufotokozera monyada za mkaka umene ndikumumwetsa. Iye anati, “Bambo, mkaka umapita m'mimba. Mankhwala awa amalowa ndi mpweya ndi pakhungu, amapita kumutu. Mungamumwetse ng'ombe yonse, sizikumana.”

Anati chofunika ndi mphepo yodutsa, zenera uku ndi uku, magolovesi ochindikala, zivundikiro pa migolo, zisanza zonyowa kuzitsekera m'chitini panja, ndi kusasamba m'manja ndi thinala ngakhale tsiku limodzi. Anatinso munthu asamakhale m'menemo tsiku lonse, azisinthana. Ndinafunsa ngati mutu umabwerera. Anati ena umabwerera akachoka msanga, ena ayi. Mkulu wa Chisutu uja amamudziwa, anadutsa m'manja mwake. Sanapite kwawo ayi. Ali kuchipatala cha amisala, ndipo anamutengera kumeneko atamangidwa manja.

Amati tsoka silinunkha. Langali linkanunkha kuyambira tsiku loyamba, ndipo ndinachita kuligula ndi bulande wanga. Mtima ukundiwawa, mkazi wanga, sindidziwa kuti ndiuike pati.

Lolemba ndinapita kwa Chikoti, chipewa m'manja, kukapempha zenera ndi magolovesi. Anafunsa ngati tsopano ndasanduka dokotala. Nditatchula za Msutu uja paipi inandipeza pakhutu, ndipo khutu limenelo likungolira mpaka pano. Ndinauza Enos kuti asiye, ndimupezera ntchito ya m'maluwa kwa azungu. Anakana. Anati, “Alamu, munandiitana ndinu. Ng'ombe za Marjory zili m'chipinda chija, mbwenu mundileke.” Koma ponena zimenezo mphuno yake inali pa mkono wa malaya, akununkhiza.

Ndapota nanu, mupite kwa abusa akatiikire pemphero. Matendawo musatchule.

Stafford

10 Sepitembala, 1972

NyaSoko,

Tili moyo tonse awiri. Ndikulemba mofulumira chifukwa kuli anthu a ku Jenda amene anyamuke posachedwa, ndipo pakamwa pawo mumapadziwa. Mukamva kuti Enos wapha munthu, ndi bodza, munthuyo ali moyo. Mukamva kuti mkono wa Enos wathyoka ndipo wothyola ndine, zimenezo ndi zoona. Musandiweruze musanamve. Adada musawauze kanthu kufikira nditalembanso. Ana muwapatse moni.

Stafford

24 Sepitembala, 1972

Wokondedwa NyaSoko, mayi wa ana anga,

Ndiyembekeza kuti muli bwino, inu, Towera ndi Jones. Kalata iyi muwerenge muli nokha, kenako mupite nayo kwa adada.

Zinayenda chonchi. Nditaona kuti zenera sadzalitsegula, ndinazula misomali ndekha poweruka. M'mawa mwake Chikoti anapeza zenera lili pululu. Sanafunse, anangolowa ndi paipi kwa Enos. Tinamva kukwapula, kenako tinamva thabwa likusweka. Pofika ine, Chikoti anali pansi, chimango cha sefa chitaphwanyikira pamutu pake, chibwano chili pambali. Enos anali atamukhuthulira beseni lonse la thinala kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Iye mwini ali chiimire m'chithaphwi chomwecho, akutulutsa machesi mu sokosi. Ndinamutchula dzina, ndinamutchula Soko, ndinatchula inu. Sanatembenuke. Ndinamuona akutsegula kabokosi. M'nyumba muja munadzaza anthu, migolo ili yosavundikira. Ndinatola chokhulira chachikulu n'kumenya pamkono ndi mphamvu zanga zonse. Fupa ndinalimva.

Bwana anali atanyamula kale lamya kuti aitane apolisi. Kuno munthu wakuda wofuna kutentha nyumba ya mzungu satuluka m'ndende tsitsi likadali lakuda, ngati atuluka n'komwe. Ndinagwada, ine Hara, pa simenti. Bwana nayenso apolisi sankawafuna kwenikweni, chifukwa akanafunsa za Lyson ndi za migolo. Komanso anthu onse aona zimene chipinda chija chimachita, palibe amene akulola kulowamo ngakhale awonjezere malipiro, ndipo popanda wotsuka ntchito yonse imaima. Ndiye tinamvana. Enos apite kwawo mwakachetechete, ine ndilowe kotsukira mpaka Khirisimasi ya chaka chamawa. Ndinasaina. Walira mvula walira matope.

Musalire msanga. Zenera ndalizula ndi chimango chomwe, ndipo bwana anangoyang'ana. Magolovesi ndagula ndekha, migolo ndavundikira, zisanza ndimatulutsa panja, m'manja ndimasamba ndi sopo ndi mchenga. Koma zenera ndi limodzi, wosinthana naye palibe, ndipo masefa amabwera kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Ndikuopa, NyaSoko, ndipo izi ndikuuza inu nokha. Mkaka akundipatsabe. Ndimamwa, poti ndi mkaka.

Enos akubwera ndi a Wilkins Chirwa a ku Champhira, njira ya ku Halale, anyamuka Loweruka. Adzatsikira pa Jenda, mukamutenge pa ngolo. Masiku ena amakhala bwinobwino, amafunsa za Marjory, amagwira dzanja langa lija analuma n'kumapepesa. Masiku ena sadziwa munthu. Nkhwangwa, zikwanje ndi mikondo ya adada muchotse m'nyumba. Palafini mubise, adzamufuna kuti anunkhize. Ana asagone nyumba imodzi ndi iye. Mupemphe amuna awiri amphamvu akhale pafupi, ndipo mugule chingwe chatsopano, chofewa, choti chisamucheke. Musamumenye. Ndamumenya kale ine zokwanira tonse. Marjory musamukakamize, abwere adzaone ndi maso ake, asankhe yekha.

Kwa adada mukagwade m'malo mwanga. Mukanene kuti ndinalonjeza kubweza mwana wawo, ndipo amene ndakwanitsa kubweza ndi ameneyu.

Chotsiriza, ndipo apa musanditsutse. Tsiku limene ndidzabwere ine, ana asadzathamangire ku basi. Mudzabwere inu ndi amuna awiri omwewo. Mudzayambe mwandiyankhula, mudzandiyang'ane m'maso, poti inu mumandidziwa kuposa wina aliyense. Mukadzaona kuti ndine, ndiye mudzaitane ana. Enos achire kapena asachire, chingwecho musadzataye.

Ndine mwamuna wanu,
Stafford Hara